Tomato pa Simenti ya Bronwyn

Tsiku limene mayi Nunzia Tripodi anasamukira kunyumba yatsopano ya mwana wawo Cosimo, anaima pakhomo sutikesi ili m'manja, maso ali pansi. Kuyambira pakhomopo mpaka kukhitchini, mpaka ku zitseko zagalasi zotulukira kuseri, ponseponse panali simenti. Inali yosalala, yonyezimira moti munthu ankadziona mphuno, koma simenti ndi simenti basi.

"Matailosi abwera liti?" anafunsa.

"Sabwera, amayi," anayankha mpongozi wawo Bronwyn, nkhope ili ngwee. "Pamenepa patha. Ndi mmene tinafunira."

Mayi Nunzia anayang'ana mwana wawo. Cosimo anapeza chinthu chofunika kwambiri choti ayang'ane kudenga.

Malemu amuna awo, a Saverio, anathira konkire mumzinda wa Adelaide muno ku Australia mpaka mawondo kutha. Kunyumba kwawo ku Campbelltown anathira simenti pabwalo lonse, kumaso ndi kuseri, kusiya kabowo kamodzi ka mtengo wa ndimu, ndipo m'mawa uliwonse ankaitsuka ndi paipi. Koma m'nyumba munali kapeti, ndipo pamwamba pa kapetiyo panali pulasitiki yoteteza kapetiyo. Umo ndi mmene munthu amadziwira kuti watukuka. Lero mwana wophunzira wa bambo ameneyo wabweza simenti pabalaza, ndipo akuti ndi dala.

Bronwyn sanaone chilichonse cha zimenezi. Anawagwira dzanja n'kuyamba kuwafotokozera mmene anasankhira. Akuti wopala simenti anawapalira zigawo zitatu pakona kuti aone. China anangochipala pamwamba, chinatuluka choyera chopanda mwala. China anachipala mozama mpaka miyala ikuluikulu inaonekera. Chapakati chinali ndi timadontho takuda ndi toyera, chimene eni ntchitoyo amachitcha mchere ndi tsabola. Bronwyn anagona nazo m'mutu miyezi, mpaka anasankha chapakaticho.

"Chinthu chimodzi chokha, amayi," anatero. "Viniga ayi. Ndimu ayi. Chilichonse chowawasa chimadya kuwalaku. China chikatayika, mupukute pompo. Nsapato tizivulira pakhomo, chifukwa mchenga umakanda."

"Nanga mumakolopa ndi chiyani, madzi odalitsa?"

"Sopo wake alipo, wofatsa. Koma inu musavutike. Mwagwira ntchito moyo wanu wonse, pano muzingopuma."

Bronwyn ananena mawu amenewa ndi mtima wabwino, koma kwa mayi Nunzia anali ngati kuwauza kuti azingodikira imfa. Mbale zinkatsukidwa ndi makina. Zovala zinkauma m'makina. Ndipo masana aliwonse, pansi pa kabati pankatuluka kamakina kozungulira ngati mbale yovundikira, n'kumayenda kokha pabalaza kakusesa, kenako kakukolopa. Mayi Nunzia anakatcha Concetta, dzina la mlamu wawo wina amene ankalowa m'zipinda za anthu osaodira. Kakawagunda phazi ankakayankhula mawu amene sangabwerezedwe pamaso pa wansembe.

Kunena zoona, mayi Nunzia ankaopa. Nyumba yawo inali itagulitsidwa. Muno anali ndi chipinda chabwino, chakapeti, chazenera lalikulu, koma analibe ntchito, ndipo munthu wopanda ntchito panyumba ndi mlendo. Mlendo ndi mame. Kumene mame oterowo amakathera anali atakuona: mkulu wake wa mnzawo Titina anali kunyumba yosungira okalamba, atakhala pawindo, akudyetsedwa maungu oponda ndi supuni. Titina akafunsa pafoni za nyumba yatsopanoyi, iwo ankangoti, "Njabwino, koma sanaimalize. Usauze anthu."

Mwezi wa Malichi utayamba, tomato anapsa m'minda ya ku Virginia, kunja kwa mzindawu, ndipo manja a mayi Nunzia anayamba kuyabwa. Chibwerereni m'dziko muno kuchokera kwawo kutsidya kwa nyanja, chaka sichinapitepo osapanga msuzi wa tomato wa chaka chonse. Banja lonse linkasonkhana m'garaja ku Campbelltown, a Saverio akupukusa makina ofinyira, iwo akuthira mchere ndi kulamula. Tsiku limenelo aliyense ankadziwa kuti mwini banja ndani.

"Cosimo, tomato wapsa," anatero tsiku lina m'mawa.

"Ndaona, amayi."

"Ndiye Loweruka liti?"

Cosimo anakanda kumutu kumene tsitsi linali litathawa kale. "Tipangira pati nanga? Muoneni nokha malowa."

Malowo anali atawaona kale. M'garaja Cosimo anayalamo mphasa zalabala, n'kuikamo zitsulo zolimbitsira thupi zimene ankazichezera kamodzi pamwezi. Kuseri kunali udzu wapulasitiki. Kumaso njira ya galimoto inali yotsetsereka moti botolo likanati lipulumuke likanakaima kutchalitchi.

"Chaka chino tipume," anatero Cosimo. "Wa m'sitolo masiku ano ndi wabwino ndithu."

Mayi Nunzia anachita chizindikiro cha mtanda, n'kupepesa kwa malemu chamumtima. Kenako anakhala pampando n'kuyamba kuganiza, maso ali pansi. Msuzi umapangidwira pa simenti, chifukwa simenti siopa kanthu. Ukamaliza umangothira madzi. Zimenezi ngakhale mwana amadziwa. Ndipo m'nyumba yachilendo iyi, ya kapeti m'garaja ndi pulasitiki pabwalo, simenti yeniyeni inali malo amodzi okha. Anali ataiponda.

Mwayi unabwera wokha. Msuweni wake wa Bronwyn anali ndi ukwati ku Port Lincoln, ndipo awiriwo ananyamuka Lachisanu kuti adzabwere Lamulungu. Galimoto yopita nawo kubwalo la ndege isanakhote n'komwe pakona, mayi Nunzia anali kale pafoni.

"Titina, uza Pasquale atenge makina ndi mgolo. Mabotolo amowa aja mukadali nawo?"

"Tili nawo. Koma ana akudziwa?"

"Adziwa akadya."

Loweruka m'mawa a Pasquale, amuna ake a Titina, anafika ndi galimoto yawo yonyamulira katundu itadzaza mabokosi a tomato. Anali bambo wogontha khutu limodzi, ndipo khutu logonthalo linkasinthasintha malinga ndi mbali imene mkazi wawo wakhala. Analowa pabalaza, napondaponda pansi ndi chidendene.

"Simenti yabwino iyi," anatero. "Galimoto amaimika pati?"

"Saimika. Amakhalapo."

"Pa simenti?"

"Ndakuuza kale kuti sanamalize," anatero Titina. "Tseka pakamwa, nyamula bokosi."

Anakankhira mipando kukhoma. Mgolo wowiritsira mabotolo anauika pakhonde laling'ono lakuseri, poti moto wagasi m'nyumba ngakhale iwo anadziwa kuti ayi. Zina zonse zinachitikira pabalaza. Anatsuka tomato, kumudula, kumufutsa pang'ono, a Pasquale n'kuyamba kupukusa. Msuzi unatsika m'beseni, makoko akugwera mbali ina, ndipo wina unadontha pansi monga umachitira chaka chilichonse. Mayi Nunzia anavala epuloni yawo yakale, anathira mchere ndi dzanja osayeza, analawa, anakalipira Titina kuti akudzaza mabotolo mpaka kukhosi. M'botolo lililonse ankaponyamo tsamba limodzi la basiliko lonunkhiritsa. Mabotolo odzaza ankawandanda pansi, onyowa matako, mizere mizere mpaka pafupi ndi wailesi yakanema.

Anasangalala tsiku limenelo kuposa tsiku lililonse chimwalirire a Saverio. Anaimba, ndipo msana umene unkawapweteka miyezi yonseyi unaiwala kupweteka.

Dzuwa lili paliwombo anatuluka kukakhala pakhonde, kudya buledi ndi nyama youmika, a Pasquale atatsegula vinyo wawo wofulula okha. Anatseka chitseko chagalasi kuopa ntchentche. Palibe amene anakumbukira kuti masana ndi nthawi ya Concetta.

Titina ndiye anayamba kuona. "Nunzia, chija n'chiyani chikuyenda m'nyumbamo?"

Concetta anali atapeza chithaphwi cha msuzi pansi pa tebulo, ndipo anachita monga anaphunzitsidwira. Anautenga n'kuuyendetsa mwaulemu kuchokera kukhoma ili kukafika kukhoma ilo, kutembenuka, kubwereranso, osadumpha malo. Pamene ankatsegula chitseko, theka la balaza linali ndi mizere yofiira yowongoka bwino ngati munda wolimidwa ndi thirakitala. Kenako kanagunda beseni la makoko, kanalira kawiri, n'kuima.

"Ndinanena ine kuti ameneyu si munthu wabwino," anatero mayi Nunzia. Koma sanade nkhawa. "Pasquale, kokera paipi."

A Pasquale anakoka paipi yothirira kuchokera kuseri, nayamba kutsuka balaza monga ankatsukira mnzawo Saverio pabwalo, chala chili kukamwa kwa paipi kuti madzi azituluka mwamphamvu. Titina ankakankhira madziwo kunja ndi tsache. Msuzi unachoka, koma kufiira kunatsala.

Apa mawu a Bronwyn anabwera m'mutu mwa mayi Nunzia, omveka bwinobwino: viniga ayi, ndimu ayi. Anawaganizira ndithu. Koma Bronwyn anabadwa liti? Iwo anatsuka nyumba, mawindo, miphika ndi mabala a ana ndi viniga asanabadwe n'komwe mtsikanayo. Anatenga chigubu chonse n'kuthira. Pamene panakanika anafinyirapo mandimu, kuwazapo mchere, n'kugwada ndi bulashi yolimba. Atatu onse anakhula mpaka dzuwa kupendeka.

Pansi pali ponyowa pankawala kuposa kale.

"Waona?" anatero mayi Nunzia. "Adzandithokoza."

M'mawa mwake pansi panali patauma. Mayi Nunzia anatuluka m'chipinda kuti akonzekere za kutchalitchi, n'kuima chilili. Kuwala konse kunali kutapita. Simenti inali mbuu, yamawangamawanga, kwina yotuwa, kwina yofiirira ngati nyama yosapsa. Mizere ya Concetta inkaonekabe. Ndipo pamene panali botolo lililonse panatsala kamkombero, mazanamazana, kundanda mpaka pa wailesi yakanema. Anayesa kupukuta ndi nsalu. Anayesa kuthira timafuta ta azitona pakona, pakonapo n'kuda bii. Anayesa kukokera kapeti wa m'chipinda chawo, koma anali womata. Madzi akatayika saoleka. Kutchalitchi anapita, ndipo anapemphera ndi mtima wonse kuti ndege ya ku Port Lincoln ichedwe ndi chaka chimodzi.

Inafika pa nthawi yake.

Cosimo ndiye anayankhula kwambiri. Anazungulira balaza manja ali kumutu akuti, "Amayi, amayi, mwatani kodi," ngati pali china chosaoneka.  Bronwyn anavula nsapato pakhomo monga mwa lamulo lake, ngakhale panalibenso choti nsapato iwononge. Anayenda pang'onopang'ono, anagwada, anasisita kamkombero kamodzi ndi chala. Anayang'ana mabotolo amene anali atandandikidwa pa tebulo lakukhitchini. Kenako analowa kuchipinda n'kutseka chitseko mofatsa. Mayi Nunzia akanakonda achimenyetse.

Lolemba kunabwera Gavin, wopala simenti uja, bambo wamtali wa kabudula ndi nsapato zazikulu. Anayang'ana pansi, anayang'ana mayi Nunzia, n'kuyamba kulimbana ndi milomo yake.

"Munagwiritsa ntchito chiyani, mayi?"

"Viniga pang'ono."

"Pang'ono pake?"

"Chigubu sichinali chodzaza."

"Ndaonapo za agalu, ndaonapo za vinyo," anatero Gavin, "koma izi ndijambula, akazi anga sakhulupirira." Anauza Cosimo kuti zikonzeka. Apalanso pamwamba, apake mankhwala otseka timabowo ta simenti, apukutenso mpaka iwale. Katundu yense adzayenera kutuluka. Koma anali ndi ntchito zambiri, sakanabwera Pasaka asanadutse.

Madzulo ake mayi Nunzia anatsitsa sutikesi pamwamba pa kabati. Palibe amene anawauza kuti achoke, koma iwo sanali munthu wodikira kuuzidwa. Anaganiza kuti ndi bwino kupita kwa okalamba ndi miyendo yako kusiyana ndi kukatulidwa ngati katundu. Anapinda madiresi akuda, anakulunga chithunzi cha a Saverio m'thawulo. 

Bronwyn anagogoda n'kulowa. Anayang'ana sutikesi, nakhala pabedi.

"Mukupita kuti, amayi?"

"Kumene amapita anthu owononga nyumba za eni."

"Ndakwiya, sindikubisirani," anatero Bronwyn. "Simenti imene ija ndinaisankha ndi mtima wanga wonse. Ndi chinthu choyamba m'moyo mwanga chimene ndinasankha ndekha popanda wondiuza. Ndinakupemphani chinthu chimodzi."

"Ziwiri. Viniga ndi ndimu."

"Musandiseketse, ndikadali wokwiya." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Koma Gavin akonza zimenezo. Chimene chandiwawa n'chakuti munadikira ndichoke."

"Ukanakana."

"Munandifunsa? Munafunsa Cosimo. Ine ndinamva nkhani ya tomato nditaiponda." Anapuma pang'ono. "Chikwatiwire m'banja muno, tsiku la tomato ntchito yanga inali kutsuka mabotolo kuseri kwa garaja, ndekha, ndi paipi. Ndinkamva mukuimba m'katimo. Adzukulu a Titina ankaloledwa kupukusa makina. Ine ayi."

"Iwe sudziwa mchere."

"Munandiphunzitsa?"

 Mayi Nunzia anakumbukira mtsikana wa tsitsi lachikasu atagwada kuseri kwa garaja, manja atachita makwinya ndi madzi, chaka ndi chaka, akumwetulira aliyense wodutsa. Iwo ankati poti ndi wa ku Australia, za tomato sizimukhudza. Anakhala miyezi yochepa chabe ngati mlendo m'nyumba muno ndipo inawakwana. Mwana uyu anamusunga pakhonde zaka zonsezo osazindikira n'komwe. Anachita manyazi, ndipo manyaziwo anaposa a simenti aja.

"Komanso, amayi," anapitiriza Bronwyn, "pansi pa mphasa zalabala za Cosimo m'garaja muja, mukuganiza kuti pali chiyani?"

Mayi Nunzia anamuyang'ana.

"Simenti. Wamba, yokhakhala, ngati ya ku Campbelltown. Mphasazo n'zongoyala. Mukanandifunsa ine, ndikanazitaya kunja tsiku lomwelo pamodzi ndi zitsulo zake."

Mayi Nunzia anakhala pansi pafupi ndi sutikesi yawo. Anati, "Usauze Titina."

"Ndimuuza." Bronwyn anatulutsa chithunzi cha a Saverio m'thawulo n'kuchibwezera pa tebulo. "Concetta wafa, tomato analowa m'mimba. Sindigula wina. Gavin akamaliza, pansi paja pakufunika munthu wokolopa, ndi sopo wake uja, osati za m'khitchini. Mukachoka akolopa ndani? Ine ndimapita kuntchito."

"Sopo wofatsa," anatero mayi Nunzia monyoza, koma mawu anatuluka onyowa.

"Chaka chamawa tomato ndi m'garaja. Koma Gavin sabwera mpaka Pasaka, ndipo tomato akadalipo. Loweruka lino tipanganso, pabalaza pomwepo. Simenti ndi yanga, ndipo aliyense waiwonongako kupatula ine."

Loweruka a Pasquale anafikanso ndi mabokosi. Anapondaponda pansi, nati simentiyo tsopano yayamba kuoneka ngati simenti. Cosimo anapatsidwa paipi n'kutumizidwa kuseri kukatsuka mabotolo, ndipo atayamba kudandaula za msana, akazi atatu anamuyang'ana mpaka anapita. Bronwyn anapukusa makina, msuzi ukumuthovukira kumaso, wina ukudontha pansi. Poyamba ankati akaona dontho dzanja linkathamangira nsalu. Kenako analeka.

Beseni litadzaza, mayi Nunzia anatenga mbale ya mchere, anaiyang'ana pang'ono, n'kuipereka kwa mpongozi wawo. Titina anasiya botolo limene anali nalo. Ngakhale a Pasquale anamva ndi makutu onse awiri.

"Wochuluka bwanji, amayi?"

"Dzanja limadziwa lokha."

Dzanja la Bronwyn silinkadziwa kanthu. Linatapa kamodzi, kawiri, kachitatu modzaza, ndipo lisanagwidwe linabwereranso. Anatakasa, natapa ndi supuni, n'kuwapatsa apongozi ake, maso ali pa iwo ngati mwana wodikira zotsatira za mayeso.

Mayi Nunzia analawa. Unali mchere wokhawokha, woti nyengo yonse yozizira banja lidzakhala likumwa madzi usiku. Titina anali atatsegula kale pakamwa. Mayi Nunzia anamuponda phazi, nameza.

"Wakwana, mwananga," anatero. "Bweretsa mabotolo."